NZERU ZA KUSUKULU PAKHOMO PATHU: KODI GALIMOTO IMAIMA PATI?



Munthu aliyense woyenda pa mseu wochokera ku Liwonde kudzera pa Ulongwe kufikira ku Mangochi, kapena wopitirira kumka ku Makawa ndi ku Monkey Bay, akakhala wopenyetsetsa, adzaona apa ndi apo mizere iwiri yakuda yolembeka pa phula. Mizereyo imayamba mwadzidzidzi, imapita mowongoka kapena mokhota pang'ono, ndipo kumene yathera nthawi zina kumapezeka magalasi osweka kapena nsapato imodzi yopanda mwini. Poyambira mizereyo ndi pamene mabuleki adagwira matayala ndi mphamvu yao yonse. Pothera pake ndi pamene galimoto idaima. Pakati pa malo awiriwo pali mtunda umene dalaivala sadaufune, koma sadathe kuufupikitsa ngakhale ndi phazi limodzi.

Ngozi ikachitika, ife timafulumira kunena kuti tsoka silinunkha. Ena amati mabuleki adakana, ndipo ena amafunafuna munthu wa m'mudzi woti amloze chala. Komatu ana athu amene ali ku sekondale amaphunzira m'phunziro la Physics kuti mtunda umene galimoto imayenda isanaime ndi chinthu chowerengeka ngozi isanachitike. Chomvetsa chisoni ndi chakuti nzeru imeneyi imatsalira m'kope, kudikira mayeso a MSCE, pamene mwini kopeyo ali kukwera njinga yamoto yonyamula anthu atatu. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, lidanena m'lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu chaka ndi chaka, ndi kuti ngozi za pa mseu ndizo zimatsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 kufikira 29. Mwezi uno tsono tiitulutse nzeruyi m'kope, tiibweretse pakhomo, kuti bambo, mayi ndi mwana aimve pamodzi.

ZIMENE ASODZI AMADZIWA KALE

Tiyambire ku nyanja. Msodzi wobwera ku dooko sadikira kuti bwato ligunde mchenga ndipo aleke kupalasa. Amaleka akali patali, ndipo akaona kuti bwato liri kupitirira muyeso, amamiza nkhafi nakankha madzi chobwerera. Amadziwanso kuti bwato lodzala ndi usipa ndi makoka onyowa limavuta kuliimitsa kuposa bwato lopanda kanthu. Ngakhale Ilala, sitima imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu m'chaka cha 1951, iribe mabuleki monga a galimoto. Woyendetsa amachepetsa moto wa injini akali kutali ndi Monkey Bay, pakuti amadziwa kuti chinthu cholemera chotero sichimva msanga.

Zimene msodzi amadziwa ndi manja ake, Isaac Newton wa ku England adazilongosola ndi masamu m'buku lake limene lidatuluka m'chaka cha 1687. Iye adaonetsa kuti chinthu choyenda sichiima chokha, koma chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo kufikira mphamvu ina itachiletsa. Adaonetsanso kuti mphamvu yoletsayo ikakhala yaikulu, chinthucho chimaima msanga, ndipo chinthucho chikakhala cholemera, chimachedwa kuima. Nkhani yathu yonse yagona pa mfundo ziwirizi. Galimoto ndi bwato la pa mtunda, ndipo mabuleki ndiwo nkhafi yake yokankha chobwerera.

MTUNDA ULI PAWIRI

Tiyerekeze kuti minibasi iri kudutsa pa malo a malonda tsiku la msika, pa liwiro la makilomita 50 pa ola. Mwana wamng'ono walekana ndi dzanja la mai ake nathamangira mu mseu. Kodi chimachitika ndi chiyani?

Poyamba diso la dalaivala limaona, ubongo umazindikira kuti pali choopsa, ndipo phazi limachoka pa moto kupita pa buleki. Kwa munthu wogalamuka bwino zonsezi zimatenga pafupifupi sekondi imodzi. M'sekondi imeneyo galimoto sinayambe n'komwe kuchepetsa liwiro. Tsono makilomita 50 ndi mamita 50,000, ndipo m'ola limodzi muli masekondi 3,600. Tikagawa tipeza kuti galimotoyo imayenda mamita 14 pa sekondi iri yonse. Ndiye kuti mamita 14 atha phazi lisanagwire ntchito. Umenewu tiutche mtunda wa kuganiza.

Mabuleki akagwira, galimoto imayendabe mtunda wina liwiro likutsika kufikira itaima. Umenewu ndi mtunda wa mabuleki, ndipo ndi umene mizere yakuda ija imationetsa. Mtunda wonse woimira ndi mitunda iwiriyi kuiphatikiza.

Mtunda wa kuganiza uli m'manja mwa munthu. Tulo, kutopa kwa woyendetsa usiku wonse ndi katundu wa nsomba, mowa ngakhale wochepa, kuyang'ana pa foni, kutembenuka kukawerenga ndalama ndi kondakitala, zonsezi zimautalikitsa. Sekondi imodzi ikasanduka masekondi awiri, mamita 14 aja asanduka 28, pamene mabuleki, ngakhale akhale atsopano, sanapatsidwe mpata wothandiza.

MPHAMVU YA MABULEKI IMACHOKERA KUTI?

Mukatikita manja anu mwamphamvu m'mawa wa mwezi wa June, mumamva kuti akugwirana ndi kutentha. Kumeneko ndiko kukhulana, ndipo ndiko kumaimitsa galimoto. Kumachitika pa malo awiri. Malo oyamba ndi m'kati mwa gudumu, pamene zikhatho za buleki zimapana chitsulo chozungulira pamodzi ndi tayala. Malo achiwiri ndi pansi, pamene tayala limagwira mseu. Ambiri amaiwala malo achiwiriwa, chonsecho ndiwo amalamula. Mabuleki amaletsa gudumu kuzungulira, koma choimitsa galimoto ndi mseu wokankha matayala chobwerera. Ndipo pa galimoto yaing'ono, malo amene tayala liri lonse limakhudza mseu ndi ofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Moyo wa banja lonse umatsamira pa zikhatho zinai zimenezo.

Mphamvu yokankha kapena yokoka imayesedwa ndi manyutoni, dzina lokumbukira Newton yemwe uja. Galimoto yaing'ono yolemera makilogalamu 1,000, yokhala ndi matayala abwino ndi mabuleki abwino, pa phula louma, ingathe kuletsedwa ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 7,000. Kuti timvetse kukula kwake, mphamvu imeneyo ikufanana ndi kulemera kwa matumba 14 a chimanga a makilogalamu 50. Ndi mphamvu yotero, liwiro limatsika ndi makilomita 25 pa ola m'sekondi iri yonse. Galimoto yothamanga pa 50 idzafuna masekondi awiri kuti iime. M'masekondi awiriwo imayamba ndi mamita 14 pa sekondi nkuthera pa kuima, kotero tingati imayenda mamita 7 pa sekondi tikalinganiza. Masekondi awiri kuchulukitsa ndi mamita 7, tipeza mamita 14. Tikaphatikiza ndi mtunda wa kuganiza uja, mtunda wonse ndi mamita 28.

Inu a sukulu, nayi njira imene mphunzitsi adzafuna kuiona pa pepala. Chinthu choyenda chimakhala ndi nyonga ya liwiro, imene timaipeza potenga theka la kulemera, kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro. Ntchito ya mabuleki ndi kudya nyonga imeneyo yonse, ndipo ntchitoyo ndi mphamvu ya mabuleki kuchulukitsa ndi mtunda. Tsono 14 kuchulukitsa ndi 14 ndi 196; kuchulukitsa ndi 1,000 ndi 196,000; theka lake ndi 98,000. Mukagawa 98,000 ndi manyutoni 7,000 mupeza mamita 14, monga tapezera kale. Koma mukagawa ndi manyutoni 3,500 mupeza mamita 28. Lamulo lake ndi limeneli: mphamvu ya mabuleki ikatsika ndi theka, mtunda wa mabuleki umawirikiza kawiri.

LIWIRO LIKAWIRIKIZA

Apa ndi pamene anthu ambiri, ngakhale madalaivala okhwima, amanyengeka. Amayesa kuti wothamanga pa 100 amafuna mtunda wowirikiza kawiri wa wothamanga pa 50. Si choncho ayi. Wothamanga pa 100 amafuna masekondi anai kuti aime m'malo mwa awiri, ndiponso m'sekondi iri yonse ya kuimako amayenda mamita 14 m'malo mwa 7. Nthawi yawirikiza kawiri, liwiro lawirikizanso kawiri, motero mtunda wawirikiza kanai: mamita 56.

Tiike ziwerengero zonse pamodzi, pa phula louma, mabuleki abwino, dalaivala wogalamuka.

Pa makilomita 25 pa ola: kuganiza mamita 7, mabuleki mamita 3 ndi theka, onse pamodzi pafupifupi 11.

Pa makilomita 50 pa ola: kuganiza mamita 14, mabuleki mamita 14, onse pamodzi 28.

Pa makilomita 75 pa ola: kuganiza mamita 21, mabuleki pafupifupi mamita 32, onse pamodzi 53.

Pa makilomita 100 pa ola: kuganiza mamita 28, mabuleki mamita 56, onse pamodzi 84.

Bwalo la mpira limatalika mamita pafupifupi 100. Ndiye kuti dalaivala wothamanga pa 100, akaona choopsa ali pa golo limodzi, adzaima atayandikira golo linalo. Ndipo zimenezo ndi pamene zonse ziri bwino.

MAKILOMITA KHUMI OKHA

Wina adzati, "Chikwangwani chalemba 50, ine ndiri pa 60, kodi makilomita khumi okha ali ndi kanthu?" Tiyeni tiwerenge. Magalimoto awiri ofanana, imodzi pa 50 ndi ina pa 60, aona mwana uja ali pa mtunda wa mamita 28. Yoyamba idzaima pamaso pa mwanayo penipeni. Mwana adzalira ndi mantha, mai ake adzamnyamula, ndipo madzulo adzadya nsima. Yachiwiri imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi, kotero kuganiza kokha kwadya mamita 17, ndipo mabuleki atsala ndi mamita 11 okha. M'mamita 11 amenewo liwiro limangotsika kuchoka pa 60 kufika pa 40. Galimotoyo idzagunda mwanayo pa liwiro la makilomita 40 pa ola, ndipo kugundidwa kotero kukufanana ndi kugwa pansi kuchokera mu mtengo wa mgwalangwa wotalika mamita 6.

Nanga wothamanga pa 60 adapindulanji? Pa kilomita imodzi yodutsa pa malo a malonda, wa pa 50 amatenga masekondi 72, wa pa 60 amatenga masekondi 60. Phindu lake lonse ndi masekondi 12. Akuluakulu sadaname ponena kuti kuthamanga si kufika.

MVULA, MCHENGA NDI MATAYALA

Tanena kuti mseu ndiwo umakankha matayala. Mseu ukakhala woterera, ngakhale dalaivala aponde buleki ndi mapazi onse awiri, mphamvu yoletsa singakule kuposa mmene tayala ligwirira pansi. Pa phula lonyowa, kapena pamene madzi a mvula akokolera mchenga mu mseu monga zimachitikira m'madera a m'mbali mwa nyanja, mphamvuyo ikhoza kutsika kufikira theka. Pamenepo wa pa 50 adzaima pa mamita 42 m'malo mwa 28, ndipo wa pa 100 adzaima pa mamita 140, kupitirira bwalo lonse la mpira.

Mvula yoyamba ya m'November kapena December ndiyo yoopsa koposa, chifukwa fumbi ndi mafuta zimene zidaunjikana pa phula m'miyezi yonse ya chilimwe zimasakanizika ndi madzi nkukhala ngati thelere. Mizere yokumbika ya pa tayala ntchito yake ndi kutulutsa madzi kuti labala likhudze mseu. Tayala lokutha, losalala ngati dazi, limayenda bwino ndithu m'October, ndipo mwini wake amati likali lolimba. Koma pa mvula limayandama pa madzi, ndipo galimoto imasanduka bwato lopanda nkhafi.

Tikumbukenso kuti gudumu likaleka kuzungulira n'kumangokhwekhwereza, tayala siligwira mseu bwino monga pamene liri kuzungulirabe, ndiponso chiwongolero sichimvera. Mizere yakuda ija imalembedwa ndi matayala otero. Ndicho chifukwa akatswiri adakonza mabuleki a ABS, amene amagwira ndi kutaya kambirimbiri pa sekondi imodzi; kampani za Bosch ndi Mercedes-Benz zidayamba kuwaika m'magalimoto ogulitsa m'chaka cha 1978. Ubwino wao waukulu ndi wakuti dalaivala amatha kukhota kupewa choopsa ali chipondere buleki. Koma sasintha lamulo la liwiro, ndipo pa mseu wa miyala kapena wa mchenga safupikitsa mtunda.

KATUNDU WOPOSA MUYESO

Tonse tidaonapo galimoto yochokera ku dooko itasenza madengu a usipa kufikira kumwamba, anthu atakhala pamwamba pa madenguwo. Katundu amakanikiza matayala pa mseu, zoona, koma mabuleki eni ake adapangidwa ndi malire, molingana ndi kulemera kumene opanga galimotoyo adalemba. Kulemera kukakwera kuchoka pa makilogalamu 2,000 kufika pa 3,000, mabuleki atafika kale pa malire a mphamvu yao, mtunda wa mamita 14 usanduka mamita 21. Msodzi uja adadziwa kale za bwato lodzala.

Nkhaniyi ikutikhudza ife eni. Tikamakonza ulendo wa ku maliro, wa ku ukwati, wa kwaya kapena wa ku msonkhano wa amai, timafuna kuti aliyense akwere ndi kuti mtengo uchepe. Timati, "Sunthani pang'ono, awa asatsale." Mtima wake ndi wabwino, koma munthu aliyense woonjezera amaonjezeranso mtunda woimira wa onse amene akwera. Boma limafuna kuti galimoto iyesedwe ndi kupatsidwa chiphaso cha COF chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa mseu. Wokonza ulendo asachite manyazi kufunsa za chiphasocho, kuzungulira lole ndi kuyang'ana matayala, ndi kuwerenga anthu asanakwere.

MOTO WA PA MTSETSE

Kodi nyonga ya liwiro imapita kuti galimoto ikaima? James Joule wa ku England adaonetsa m'zaka za m'ma 1840 kuti nyonga sitayika, koma imasanduka kutentha, ndipo adayesa kuchuluka kwake. Makolo athu amene ankapekesa moto ndi timitengo tiwiri ankagwiritsa ntchito lamulo lomweli. Galimoto ya makilogalamu 1,000 ikaima kuchokera pa 100, kutentha kumene kumatuluka kungawiritse madzi ozizira oposa lita imodzi, ndipo kumatuluka m'masekondi anai okha.

Tsono ganizani za lole yolemera makilogalamu 10,000 yotsika phiri. Amene adatsikapo Khwekhwerere pochokera ku Dedza kubwera ku Golomoti, kapena mapiri a ku Chowe pochokera ku Namwera kubwera ku mlatho wa pa Shire, akudziwa mtundu wa mtsetse umene tikunena. Lole yotero ikatsika mamita 500 kuchokera pamwamba, nyonga yoyenera kudyedwa ingawiritse madzi pafupifupi malita 150. Dalaivala akadalira mabuleki okha, kutentha kochuluka chotero kumaunjikana m'zitsulo za m'magudumu. Zikhatho za buleki zikapsa zimaleka kugwira. Mafuta a buleki, makamaka akale amene adayamwa chinyezi, amawira nasanduka nthunzi, ndipo phazi limangolowa pansi popanda kanthu. Pamenepo anthu amati mabuleki adakana mwadzidzidzi, pamene adakhala akupsa pang'onopang'ono kuyambira pamwamba pa phiri.

Mankhwala ake ndi odziwika: kulowetsa giya yaikulu mphamvu, ija yokwerera phiri, mtsetse usanayambe, kuti injini ithandize kuletsa galimoto. Pali chizolowezi choipa chochotsa giya kapena kuzimitsa injini pa mtsetse pofuna kusunga mafuta. Wochita zimenezo wasenzetsa mabuleki katundu yense, ndiponso m'magalimoto ambiri injini ndiyo imapatsa mabuleki mphamvu yothandizira phazi kapena mpweya wogwirira ntchito. Wokwera akamva kuti injini yakhala chete pa mtsetse, kapena akamva fungo la chinthu chopserera, ayenera kulankhula nthawi yomweyo.

GALIMOTO YAIMA, NANGA ANTHU?

Mabuleki amaimitsa galimoto, koma saimitsa anthu a m'kati mwake. Thupi la munthu nalonso limapitirira kufikira china chitaliletsa. Munthu wa makilogalamu 60 woimirira kumbuyo kwa lole, mabuleki akapondedwa mwamphamvu monga tawerengera, ayenera kudzigwira ndi mphamvu yofanana ndi kunyamula makilogalamu oposa 40, mwadzidzidzi, mwina ndi dzanja limodzi.

Galimoto ikagunda mtengo ndiye zimaposa pamenepo, pakuti imaima m'kamphindi kochepa kwambiri. Ikaima kuchokera pa 50 m'gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, khanda la makilogalamu 10 limakoka manja a mai ake ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 140, pafupifupi matumba atatu a chimanga. Palibe mai amene angaligwire, ngakhale alikonde chotani. Lamba wa pa mpando wodutsa pa chifuwa ndi m'chiuno, amene Nils Bohlin adakonza ndipo kampani ya Volvo ya ku Sweden idayamba kuika m'magalimoto ake m'chaka cha 1959, ntchito yake ndi kumangirira munthu ku galimoto kuti aime nayo pamodzi. Pamene pali lamba, mangani, ngakhale ulendo ukhale wa pafupi, ndipo ana asakhale kutsogolo pa miyendo ya munthu.

NJINGA NAYONSO

Malamulo a Newton sasankha galimoto yokha. Njinga ya kabaza yonyamula munthu ndi thumba la ufa imamvera malamulo omwewo. Malabala a buleki akatha, kapena mkombero wa gudumu ukanyowa ndi mvula, mphamvu yoletsa imachepa ndipo mtunda umatalika. Anyamata ena amachotseratu mabuleki namadalira kupondetsa patapata pa tayala; mphamvu ya patapata ndi yochepa, ndipo tsiku lina mtsetse udzakhala wautali kuposa patapatayo. Poima, kulemera kumathamangira kutsogolo, kotero buleki ya kutsogolo ndiyo yamphamvu. Koma ikagwiridwa yokha mwadzidzidzi imagwetsa munthu chamutu, ndipo pa mchenga gudumu limaterereka. Gwirani zonse ziwiri pamodzi, mofatsa poyamba, kenaka molimba. Wokwera njinga yamoto avale chipewa cholimba chija, iye pamodzi ndi womnyamula, chifukwa njinga iribe lamba kapena khoma lomteteza.

KWA INU ACHINYAMATA

Musangokhulupirira ziwerengero zathuzi, ziyeseni. Tengani rula ya masentimita 30, mnzanu aigwire moimika, inu muike zala pansi pake, ndipo aitaye osakuuzani. Mukaigwira itatsika masentimita 20, ndiye kuti mwatenga gawo limodzi la magawo asanu a sekondi. Komatu pamenepo mudali okonzeka, maso ali pa rula. Yesaninso mnzanu wina akukufunsani mafunso, muone kusiyana kwake, ndipo mudzamvetsa chifukwa chake dalaivala wa pa foni ndi woopsa.

Kenaka pitani pa bwalo la sukulu ndi njinga ya mabuleki abwino, osati mu mseu ayi. Lembani mzere pansi. Wopalasa abwere pang'onopang'ono, agwire mabuleki pa mzerewo, ndipo muyese mtunda ndi mapazi. Abwerenso mofulumirirapo, muyesenso. Chitani chimodzimodzi atanyamula mnzake, ndiponso pa malo a mchenga. Lembani zonse m'kope, ndipo madzulo mukaonetse makolo anu. Mukatero, funso la pa mayeso silidzakhalanso lachilendo, ndipo ena a inu amene mudzakhala madalaivala mudzanyamula nzeruyi m'phazi lanu.

KWA INU MAKOLO

Mwana wamng'ono satha kuyesa liwiro la galimoto yobwera. Iye amayesa kuti popeza waiona, dalaivala nayenso wamuona ndipo adzaima. Mutengeni mupite naye pa bwalo la mpira, muime pa golo limodzi, mumsonyeze golo linalo, mumuuze kuti galimoto yothamanga ikakhala pafupi chotero iye asaoloke, pakuti ngakhale dalaivala atafuna kuima mwina sangathe. Mphunzitseni kuyenda ku dzanja lamanja la mseu, moyang'anana ndi magalimoto obwera, popeza kuno magalimoto amayenda ku dzanja lamanzere. Asaolokere kumbuyo kapena kutsogolo kwa minibasi yoima. Usiku avale chovala choyera, chifukwa nyali za galimoto zikachepetsedwa zimaunika pafupi, ndipo munthu wovala zakuda amaoneka galimoto itafika kale m'kati mwa mtunda wake woimira.

Inu amene mumayendetsa, siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Iyo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, nenani mofatsa kuti "Mangochi, Makawa, Monkey Bay," ndipo ngati mwafika pa mtengowo musanatsirize, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Pa mvula nenani mauwo kawiri.

Chotsala ndi chovuta koposa zonse, ndicho kulankhula. Timakhala m'minibasi yothamanga moopsa, mitima iri m'mwamba, koma aliyense ali chete kuopa kusekedwa kuti ndi wamantha kapena wachimidzi. Mau aulemu sapweteka munthu: "Achimwene, chonde chepetsani moto, muno muli ana." Mmodzi akayamba, ena amavomereza. Dalaivala akakana kumva, kutsika pa siteji yotsatira ndi kutaya ndalama za ulendo n'kwabwino kuposa kupitirira. Mwana woyenda m'mbali mwa mseu kutsogoloko sitimdziwa dzina, koma mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mamita amene dalaivala wathu adzafune kuti aime ndi amene adzalekanitse mwanayo ndi manda.

Mwezi wa mawa tidzabwerera ku nyanja, kukafunsa chifukwa chake msomali umamira pamene sitima yachitsulo imayandama. Mpaka pamenepo, yendani bwino, ndipo tsalani bwino nonse pakhomopo.